NYAMBO YOPANDA MTOVU: KASANKHIDWE KA ZIDA ZOWEDZERA NSOMBA YA BASS

MAU KWA APHUNZITSI

Nkhani iyi yakonzedwera ana a m'Giredi 6 ndi Giredi 7, ndipo igwirizana ndi maphunziro a Sayansi onena za zinthu zomira ndi zoyandama. Musanayambe kuiwerenga pamodzi ndi ana, konzeranitu zinthu izi: ndowa yodzaza madzi oyera, kamwala, msomali, tsamba louma, kacidutswa ka mphira wa chubu cakale ca njinga, nsungwi yopyapyala yotalika mamita 2, mpini wa khasu, ulusi, ndi mapu a dziko lonse lapansi. Zocita ndi mafunso zili kumapeto.

CIYAMBI

Ana inu, ambiri a inu munawedzapo nsomba. Mumadula nsungwi, mumangirira ulusi kunsonga kwake, ndipo kumapeto kwa ulusiwo mumanga mbedza. Pamwamba pa mbedza mumaikapo kamtovu, kanati kapena kamwala, kuti nyambo ifike patali ndi kumira msanga. Mukatero mumapita kudimba kukakumba nyongolotsi. Umu ndimo anawedzera makolo athu, ndipo njira imeneyi idyetsa mabanja ambiri kufikira lero.

Tsono lero tiphunzira za kawedzedwe kena, kamene kanayambira kutali ku North America. M'kawedzedwe kameneka nyongolotsi si ya m'dothi ai, ndi yopanga ndi pulasitiki yofewa, ndipo pacingwe palibe mtovu kapena mwala uli wonse. Mwina mufunsa kuti, "Nanga kucotsa kamtovu kokha ndi nkhani yoti nkukambira tsiku lonse?" Inde ndi nkhani, cifukwa mtovu ukacoka, zida zonse zotsala ziyenera kusankhidwa mwatsopano. Ndodo, cokulungira cingwe, cingwe ndi mbedza, zonsezi zimakhala ndi nchito imodzi: kutumikira nyambo yopepuka imene imamira pang'ono-pang'ono. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti zonse zimene tikambe zitsamira pa iyo.

NSOMBA YAKE NDI YOTANI?

Nsomba imene tikamba dzina lake ndi bass. Ilipo mitundu ingapo, koma yochuka koposa ndi ija yaikulu kukamwa. Aphunzitsi akuonetseni pamapu mtsinje wa Mississippi ndi nyanja zikulu-zikulu za pakati pa United States ndi Canada. Kumeneko ndiko kwao kweni-kweni kwa nsombayi. Msana wake ndi wobiriwira, mimba yake ndi yoyera, ndipo m'nthiti mwake muli mzere wakuda wocokera kumutu kufikira kumcira. Ikatseka kukamwa, nsagwada yake imapitirira pamene pali diso.

Zambiri zimene awedzi amagwira zimalemera pakati pa theka la kilogalamu ndi makilogalamu 2, koma zina zimakula kwambiri. M'caka ca 1932 mlimi wacinyamata, George Perry, anagwira ina yolemera makilogalamu 10 ndi pang'ono m'nyanja ya Montgomery ku Georgia. Panapita zaka 77 kuti ina yolingana nayo ilembedwe m'buku la awedzi, ndipo imeneyo anaigwira Manabu Kurita m'nyanja ya Biwa ku Japan m'caka ca 2009.

Nanga nsomba ya ku America inafika bwanji ku Japan? Anthu ndiwo anainyamula, monganso anainyamulira kuno ku Africa. Inafika ku South Africa m'caka ca 1928, ndipo pambuyo pake inaikidwa m'madamu a ku Zimbabwe. Lero nyanja za Mutirikwi pafupi ndi Masvingo ndi Manyame pafupi ndi Harare zimadziwika cifukwa ca nsombayi. Kuno ku Zambia imapezeka m'madamu ena a m'mafamu.

Bass ndi mlenje wobisalira, monga nyalugwe. Siikonda kuthamangitsa cakudya mtunda wautali. Imaima phee pambali pa citsa comira, pansi pa masamba a kakombo, kapena m'mphepete mwa bango, kudikira kansomba, cule, nkhanu kapena mbululu. Cakudya cikafika pafupi, imayasamula mwadzidzidzi, madzi amathamangira m'kamwa mwake, ndipo cakudyaco cimalowera pamodzi ndi madziwo. Ikamva kuti cimene yatenga ndi colimba kapena cacilendo, imalavula nthawi yomweyo. Monga alenje onse, imasankha cofooka. Kansomba kodwala kamene kakumira mosadzithandiza ndi cakudya cosavuta kugwira kuposa kansomba kamphamvu.

MBIRI YA NYONGOLOTSI YA PULASITIKI

Mumzinda wa Akron ku Ohio, umene unali wochuka ndi mafakitale a matayala, munali munthu wina wogwira nchito ya makina dzina lake Nick Creme. Iye anatopa ndi kufuna-funa nyongolotsi nthawi iri yonse akafuna kukawedza. Pamodzi ndi mkazi wake, Cosma, anayamba kusungunula pulasitiki kunyumba kwao ndi kuithira m'zikombole zimene anaumba potsata nyongolotsi zeni-zeni. M'caka ca 1949 anapeza msanganizo umene unakhala wofewa ngakhale utazizira. Patapita zaka, anasamutsira nchito yake ku Tyler ku Texas, cifukwa kumeneko kunali madamu atsopano amene anamiza nkhalango zathunthu, ndipo bass zinali zambiri pakati pa mitengo yomirayo.

Kwa zaka zambiri awedzi anali kuika kamtovu patsogolo pa nyongolotsiyo ndi kuikoka pansi pa madzi. Koma ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Herb Reed wa ku Connecticut anapanga nyambo yochedwa Slug-Go, yoyenera kuwedzera popanda mtovu. M'zaka za m'ma 1990 Gary Yamamoto anatulutsa ina yochedwa Senko, imene maonekedwe ake anatengera colembera ca bolopeni. Iribe mcira wogwedera, iribe miyendo, iribe maso. Munthu akaiona sangakhulupirire kuti nsomba ingaidye. Cinsinsi cake cili m'kamiridwe kake.

CIFUKWA CIANI ACOTSA MTOVU?

Tiyerekeze kuti tili ndi kakapu kamene madzi odzaza m'menemo amalemera magalamu 100. Tikadzaza kakapu komweko ndi mtovu, kulemera kwake kungapose magalamu 1,100. Tikadzazamo mwala wa mcere, kungapose magalamu 200. Koma tikadzazamo pulasitiki yofewa ya nyambo, kulemera kwake kungakhale pafupi ndi magalamu 100, monga madzi. Lamulo lake ndi ili: cinthu colemera kuposa madzi olingana naco kukula cimamira, ndipo copepuka kuposa madziwo cimayandama. Cinthu colemera pang'ono cabe kuposa madzi cimamira mocedwa.

Tsono muone. Nyambo yomangiriridwa ku mtovu imagwa ngati mwala, mutu pansi, ndipo m'kamphindi imafika pamatope kapena kulowa m'udzu. Palibe camoyo ca m'madzi cimene cimagwa motero. Koma nyambo yopanda mtovu imatsika cogona, modekha, nsonga zake ziwiri zikunjenjemera pamene madzi akuzikankha. Opanga ena amasanganiza mcere wambiri m'pulasitiki kuti nyamboyo ilemere mokwanira kuponyeka ndi kumira yokha. Nsomba yobisala pansi pa kakombo imakhala ndi nthawi yoiona, yoiyandikira ndi yoiyesa camoyo covulala. Komanso m'nthiti mwa nsomba muli mzere wa timabowo ting'ono-ting'ono timene imamvera nato kugwedezeka kwa madzi, motero imadziwa kuti pali kanthu ngakhale madzi ali akuda.

Ubwino wina ndi wakuti nyambo yotere imagwera pamadzi mwakacetecete, osaopsa nsomba m'madzi osaya. Ndiponso nsomba ikaitenga siimva colimba kapena colemera, motero imaisunga m'kamwa kanthawi, ndipo mwedzi amapeza mpata wokoka.

Koma cabwino ciri conse cili ndi mtengo wake. Tengani kamwala ndi tsamba louma, muponye zonse ziwiri ndi mphamvu yofanana. Kamwala kafika patali, tsamba ligwa pamapazi panu. Nyambo yopanda mtovu ili pakati pa ziwirizi. Kuti ifike pamene pali nsomba, zida zonse ziyenera kuithandiza, ndipo cida cimodzi colakwika cimaononga nchito ya zinzake zonse.

KUSANKHA NYAMBO

Mwedzi wanzeru amayamba ndi nyambo, pakuti ndiyo imalamulira zotsalazo. Pali mitundu itatu yofunika kuidziwa.

Mtundu woyamba ndi uja wonga bolopeni. Yotalika masentimita 13 imalemera pafupi-fupi magalamu 10, motero imaponyeka bwino koposa ina yonse. Nchito yake ndi kumira basi. Woyamba kumene kuphunzira ayambe ndi imeneyi. Kuipa kwake ndi kwakuti mcere wambiri umaifewetsa kotero kuti imang'ambika msanga.

Mtundu waciwiri ndi wonga kansomba, wa mimba yakuya ndi mcira wa mphanda. Mwedzi akagwedeza nsonga ya ndodo, nyamboyi imathawira kumanja, kenaka kumanzere, ndipo akaleka imayamba kumira ngati kansomba kotha mphamvu. Imagwira nchito bwino pamene muona tinsomba tikudumpha pamwamba pa madzi pothawa adani.

Mtundu wacitatu ndi nyongolotsi yoonda yopanda mcere wambiri, pamodzi ndi zina zonga buluzi kapena cule. Izi zimayenda pamwamba kapena pansi pang'ono pa nkhope ya madzi, ndipo zimayenera pamalo odzala udzu. Zoondazo ndi zopepuka kwambiri, motero zimafuna zida zopepuka koposa.

Za mtundu wa utoto musavutike nazo, ngakhale m'sitolo muli mitundu yosawerengeka. M'madzi oyera sankhani yobiriwira kapena yofiirira, yonga zamoyo za m'madzimo. M'madzi a matope, ndiponso kukacita mdima, sankhani yakuda, cifukwa cinthu cakuda cimaoneka bwino nsomba ikaciyang'ana kucokera pansi. Nyambo yonga kansomba ikhale yoyera kapena yotuwa. Mitundu itatu imeneyi ikwanira.

MBEDZA NDI KABVEKEDWE KAKE

Popeza palibe mtovu, mbedza ndiyo citsulo cokha cimene cili panyambo, ndipo kulemera kwake kumasintha kamiridwe. Mbedza yaikulu kopambana imamiza nyambo msanga ndi kuiumitsa. Yaing'ono kopambana imabisika m'pulasitiki ndipo siikola nsomba. Onetsetsani kuti mpata wa pakati pa nsonga ya mbedza ndi msana wake ndi waukulu kawiri kuposa kunenepa kwa nyambo. Nyambo ya masentimita 13 imayenera mbedza yolembedwa 3/0 kapena 4/0.

Pali njira ziwiri zobvekera. Yoyamba imachedwa ya ku Texas. Lasani nyambo pamutu, mulowetse mbedza ngati theka la sentimita, muitulutsire pambali. Kankhirani mutuwo kufikira pakabowo komangapo cingwe. Tembenuzani mbedza, muilowetsenso m'thupi la nyambo, ndipo nsonga yake muibise pansi pa khungu la pulasitiki. Mukatero nyambo imadutsa m'udzu ndi m'nthambi osakodwa, koma nsomba ikaluma, pulasitiki imafinyika ndipo nsonga imatuluka. Nyambo iyenera kukhala yoongoka ngati muvi. Ikakhota imazungulira m'madzi ndi kupota cingwe.

Njira yaciwiri ndi yolasa nyambo pakati peni-peni ndi mbedza yaing'ono, ya nambala 1 kapena 1/0, kusiya mbali zonse ziwiri zikulendewera. Pomira, mbali ziwirizo zimakupiza ngati mapiko. Awedzi ena amabveka kamphete ka mphira pakati pa nyambo ndi kukoleka mbedza m'kampheteko kuti nyambo isang'ambike. Njira iyi imakola nsomba mosavuta, koma nsonga ili poyera, motero siyenera pamalo a udzu wambiri.

NDODO

Mangirirani ulusi kumpini wa khasu, kumapeto kwa ulusi mumange kacidutswa ka mphira, muyese kuponya. Citaninso cimodzi-modzi ndi nsungwi yopyapyala. Mudzaona kuti nsungwi ikuponya patali. Cifukwa cake ndi cakuti nsungwi imapindika pamene dzanja likuikankha, ndipo poongoka imatulutsa mphamvu imene inasunga, monga uta utulutsira muvi. Mpini supindika konse. Ndodo youma kwambiri imafuna nyambo yolemera kuti iipinde, ndipo nyambo yathu siingathe.

Komabe ndodo yofewa monse siyeneranso. Kumbukirani kuti nsonga ya mbedza yabisika m'pulasitiki. Pokoka, ndodo iyenera kukhala ndi mphamvu yoboola pulasitikiyo ndi kulowetsa mbedza m'nsagwada yolimba, kenaka yotulutsa nsomba m'udzu isanakulunge cingwe pacitsa. Motero tifuna ndodo ya makhalidwe awiri: yofewa kunsonga kuti iponye, yolimba kutsinde kuti ikoke.

Opanga ndodo amalemba mau pafupi ndi cogwirira. Mau akuti Medium kapena Medium Heavy anena za mphamvu ya ndodo, ndipo akuti Fast atanthauza kuti ndodoyo imapindika ca kunsonga kokha. Pamadzi oyera opanda zokola zambiri sankhani Medium, pamalo a udzu ndi mitengo sankhani Medium Heavy. Amalembanso kulemera kwa nyambo zoyenera ndodoyo, mwacitsanzo magalamu 5 kufikira 20. Onani kuti nyambo yanu ili m'kati mwa malire amenewo. Utali woyenera ndi mamita 2 kapena kuposerapo pang'ono. Yaitali imaponya patali, yaifupi imathandiza pansi pa mitengo ya m'mphepete mwa madzi.

Ndodo zina ndi za fibreglass, zina ndi za graphite, zimene zinayamba kufala m'zaka za m'ma 1970. Za fibreglass ndi zolemerako ndi zochipa, ndipo sizithyoka msanga. Za graphite ndi zopepuka ndipo zimafikitsa kudzanja ngakhale kakugunda kakang'ono, koma zimathyoka zikamenyedwa pamwala. Cenjerani: graphite imapititsa magetsi. Musainyamule coimika pansi pa mawaya a magetsi, ndipo mukamva bingu iikeni pansi ndi kucoka kumadzi.

COKULUNGIRA CINGWE

Ici ndi kamakina komangidwa pacogwirira ca ndodo, kamene pa Cingerezi amati reel. Nchito zake ndi zitatu: kusunga cingwe, kucimasula poponya, ndi kucibweza pozungulitsa mkono wake. Pali mitundu iwiri.

Mtundu woyamba umakhala pamwamba pa ndodo, ndipo gudumu lake losungira cingwe limazungulira poponya. Nyambo ndiyo imakoka cingwe ndi kuzungulitsa gudumulo. Apa mpamene pali vuto. Nyambo yopepuka imavutika kuliyambitsa, ndipo ikakumana ndi mphepo imataya liwiro msanga pamene gudumu likali kuthamanga. Cingwe cimapitirira kumasuka popanda cocikoka, ndipo cimapiringizana kukhala cimtolo cimene awedzi amati cisa ca mbalame. Katswiri amaletsa zimenezi ndi cala cacikulu, koma wophunzira angathe tsiku lonse akumasula mfundo.

Mtundu waciwiri umalendewera pansi pa ndodo, ndipo gudumu lake silizungulira poponya. Cingwe cimangosololoka kucokera pamlomo pa gudumu, monga ulusi usololokera mukaukoka kucokera kunsonga kwa kamtengo kake. Munthu amene analembetsa nzeru imeneyi m'caka ca 1905 anali Alfred Illingworth wa ku England, amene nchito yake inali ya m'mafakitale a nsaru. Popeza nyambo siyenera kuzungulitsa kanthu, ngakhale yopepuka imafika patali, ndipo ikagwera m'madzi imamira momasuka. Mtundu umenewu ndiwo woyenera kawedzedwe kathu, makamaka kwa woyamba. Kukula kwake kukhale kwa nambala 2500 kapena 3000.

Poyang'ana cokulungira m'sitolo, samalani zinthu ziwiri. Coyamba ndi mabuleki ake, amene amalola cingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu, kuti cisaduke. Kokani cingwe ndi dzanja, ciyenera kutuluka mosalala, osati modukiza-dukiza. Mangani mabulekiwo kuti ayambe kumasula pamene kukoka kwafika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anai a mphamvu ya cingwe. Caciwiri ndi manambala onga 6:1, otanthauza kuti mukazungulitsa mkono kamodzi, makina amakulunga cingwe kasanu ndi kamodzi. Liwiro lotere limathandiza kusonkhanitsa msanga cingwe colendewera musanakoke nsomba. Podzaza cingwe, siyani mamilimita 2 kapena 3 kucokera pamlomo pa gudumu. Cikacepa siciponyeka patali, cikasefukira cimagwa mipukutu-mipukutu.

CINGWE

Anthu ambiri amaononga ndalama pa ndodo ndi kuiwala cingwe, pamene cingwe ndico cimagwirana ndi nyambo. Tibwerere ku kakapu kathu kamene madzi ake amalemera magalamu 100.

Nailoni yodzaza kakapuko ingalemere pafupi-fupi magalamu 114. Motero cingwe ca nailoni cimamira mocedwa kwambiri, ndipo cimacedwetsanso nyambo. Ndi cochipa, cimamangika mfundo mosavuta, koma cimatamuka ngati mphira, kotero kuti nsomba ikakhala patali kukoka kwanu kumafika kofooka. Dzuwa limaciononga, motero cisintheni caka ndi caka.

Cingwe ca fluorocarbon cingalemere magalamu 178. Cimamira pamodzi ndi nyambo, sicioneka bwino m'madzi, ndipo sicidyeka msanga pamiyala. Koma ndi codula ndi couma, ndipo cacikulu cimavuta pacokulungira caching'ono.

Cingwe colukidwa ndi timaulusi tambiri cingalemere magalamu 97 cabe, motero cimayandama. Ndi copyapyala, camphamvu, sicitamuka, ndipo cimaponya nyambo yopepuka patali koposa zinzake. Koma nsomba imaciona m'madzi oyera. Cifukwa ca ici awedzi ambiri amadzaza cokulungira ndi cingwe colukidwa, ndipo kunsonga amalumikiza mita imodzi kapena awiri a fluorocarbon.

Amene ali ndi ndalama zocepa agule nailoni yopirira makilogalamu 4 kapena 5, idzamtumikira bwino. Pamalo a zitsa zambiri aonjeze kufikira makilogalamu 7. Kumbukirani kuti cingwe conenepa cimakhuzana kwambiri ndi mphete za ndodo, mphepo ndi madzi, ndipo cimagwira nyambo yopepuka ngati mbuzi yapacingwe.

KAWEDZEDWE KAKE

Zida zikakwanira, cotsala ndi mtima wodekha. Pitani m'mamawa kapena madzulo, pamene nsomba zimabwera m'madzi osaya. Yendani mopepuka, ndipo cithunzithunzi canu cisagwere pamadzi. Ponyani pambali pa citsa kapena m'mphepete mwa kakombo. Nyambo ikagwa, musakoke. Siyani cingwe cilendewere pang'ono kuti nyambo imire molunjika, ndipo muwerenge camumtima. Ikafika pansi, dikirani masekondi angapo, kwezani nsonga ya ndodo pang'ono, muisiye imirenso.

Kawiri-kawiri nsomba imatenga nyambo pamene ikumira, ndipo dzanja silimva kanthu. Maso anu akhale pacingwe, pamalo pamene cikulowa m'madzi. Cikadumpha pang'ono, cikayamba kuyenda cammbali, kapena cikaima msanga kuposa mmene munawerengera, dziwani kuti nsomba yatenga. Kulungani cingwe colendewera kufikira mumve kulemera, ndipo kokani ndodo mwamphamvu kamodzi. Musacedwe kopambana, cifukwa nsomba ingameze mbedza kufikira m'mimba. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mwedzi wopupuluma amalanda nyambo pakamwa pa nsomba.

Dziwaninso malire a njira imeneyi. M'madzi akuya kuposa mamita 3, nyambo imatenga nthawi yaitali kufika pansi. Pamphepo yamphamvu cingwe cimauluzika, ndipo pamtsinje wothamanga madzi amakokolola nyambo. Pamenepo mwedzi wanzeru amabwezerapo kamtovu kake popanda manyazi.

Nzeru imeneyi siya bass yokha ai. M'mitsinje ya Zambezi ndi Kafue muli nsomba yathu-yathu yaikulu kukamwa, imene Alozi amati nembwe ndipo ku Malawi amati sungwa. Nayonso imabisala m'mizu ndi m'zitsa kudikira tinsomba, ndipo awedzi amaigwira ndi zida zonga zomwezi.

MACENJEZO ANAI

Coyamba, musatenge bass yamoyo kucokera m'damu lina kukaiponya m'madzi ena. Nsomba iyi ndi mlendo wadyera. Ku Guatemala, bass zinaikidwa m'nyanja ya Atitlán m'zaka za 1958 ndi 1960. Zinadya tinsomba ndi nkhanu zimene zinali cakudya ca mbalame ina ya m'madzi yosatha kuuluka, imene inali kupezeka panyanja yokhayo padziko lonse, ndipo zinadyanso anapiye ake. Kudula bango ndi civomezi ca 1976 zinaonjezera tsokalo, ndipo mbalame ziwiri zotsiriza zinaoneka m'caka ca 1989. Mtundu umenewo unatheratu. Ganizani za matemba ndi tinsomba tina ta m'mitsinje yathu, timene amai amaphika ndiwo. Lamulo la Nsomba la m'Zambia la 2011 liletsa kuika nsomba zacilendo m'madzi popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Nsomba.

Caciwiri, musataye nyambo zong'ambika kapena zidutswa za cingwe m'madzi. Pulasitiki siiola ngati nyongolotsi. Nsomba ikaimeza imakhala m'mimba mwake, ndipo cingwe cotayidwa cimamanga miyendo ya mbalame. Zonse zibwerere kunyumba m'thumba.

Cacitatu, lemekezani nthawi yoswana. M'madzi ambiri a m'dziko lathu Boma limaletsa kupha nsomba kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale. Ndipo damu la pafamu lili ndi mwini wake, pemphani cilolezo musanaponye mbedza.

Cacinai, samalani moyo wanu. Musapite nokha kumadzi. Malo a bango ndi kakombo amene nsomba zimakonda ndi omwenso ng'ona zimabisalamo, ndiponso mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Imani pouma, patali pang'ono ndi madzi, ndipo musanaponye ceukani kuti mbedza isakole mnzanu.

MAU OTSIRIZA

Ana inu, ambiri a inu simudzagula ndodo ya graphite posacedwa, ndipo zimenezo sizicepetsa phindu la phunziro ili. Mwaona kuti mwedzi wabwino amayamba ndi kudziwa khalidwe la nsomba, kucokera pamenepo amasankha nyambo, ndipo nyamboyo ndiyo imamuuza mbedza, ndodo, cokulungira ndi cingwe coyenera. Mlimi posankha khasu ndi kalipentala posankha sowo amatsata njira yomweyo. Mukadzapitanso kudambo ndi nsungwi yanu, yesani tsiku limodzi kucotsa kamtovu, muponye nyongolotsi yanu pambali pa bango, muone cimene cidzacitike, ndipo mukauze aphunzitsi anu. Tsalani bwino.

ZOCITA

1. Ponyani msomali, kamwala ndi kacidutswa ka mphira m'ndowa ya madzi, cimodzi-cimodzi. Werengani nthawi imene ciri conse citenga kufika pansi, mulembe m'makope anu.
2. Dulani mphira wa chubu kukhala kamzere kotalika masentimita 13. Kalaseni pakati ndi kawaya, mukamize, muone kamiridwe kake. Tsono mangiriranipo msomali, mukamizenso. Kwasintha ciani?
3. Pabwalo la sukulu, ponyani mphirawo ndi mpini wa khasu, kenaka ndi nsungwi. Pimani mitunda iwiriyo ndi mapazi.
4. Funsani akulu a m'mudzi mwanu maina a nsomba zimene zinali m'mtsinje wanu kale, ndi zimene zilipo lero.

MAFUNSO

1. Kodi kwao kweni-kweni kwa bass ndi kuti, ndipo inafika liti ku South Africa?
2. Cifukwa ciani opanga nyambo amasanganiza mcere m'pulasitiki?
3. Fotokozani cifukwa cake ndodo iyenera kukhala yofewa kunsonga ndi yolimba kutsinde.
4. Ndi cingwe citi cimene cimayandama, ndipo ndi citi cimene cimamira msanga?
5. Chulani zizindikiro ziwiri zosonyeza kuti nsomba yatenga nyambo.
6. Tiphunzirapo ciani pa zimene zinacitika panyanja ya Atitlán?